Chala cha Achimwene

Achimwene anga, a Haji Bayumi, akagwira mfundo sataya. Atamva mphekesera yoti Gaber, mnyamata wofunsira mwana wawo Nagwa, anadwalapo kachirombo ka C kowononga chiwindi, analumbira kuti Fatiha, pemphero lomangira chitomero, siwerengedwa mpaka magazi a mnyamatayo ayezedwe. Nagwa anasiya kudya. Ine, azakhali ake, ndinawatsatira iwo ndi Gaber ku famase ya Dokotala Afaf mtima uli m'mwamba.

Munali anthu ogula mkaka wa ana ndi mankhwala a chifuwa, koma atationa, onse anaiwala zomwe anadzera. Afaf anatilowetsa kuseri kwa katani, nabaya chala cha Gaber n'kudonthezera magazi pa kapulasitiki koyezera. Tinadikira. Panatuluka mizere iwiri.

"Basi, zatha," anatero achimwene akudzambatuka.

"A Haji, ndinamwa mapiritsi onse, ndinachira," anatero Gaber.

"Khalani pansi, a Haji," anatero Afaf. "Kameneka kamangoonetsa kuti kachirombo kanadutsapo. Wochira amatulutsabe mizere iwiri. Magazi ake ndinatumiza ndekha ku tauni, mulibe kanthu."

"Afaf mwana wanga, wakugulira mbale zingati za makeke a kunafa mnyamatayu kuti umuikire kumbuyo? Mzere ndi mzere. Wa magazi oyera amatulutsa ingati?"

"Umodzi."

"Ndibaye ine, aone magazi a banja lomwe akufuna kulowamo."

Ndinawakoka mkanjo. "Achimwene, zisiyeni."

"Iwe Sabah, khala chete."

Ndinachita mantha, chifukwa ine ndinkakumbukira zomwe iwo anaiwala. Tili ana, m'mudzi monse tinkaima pa mzere kubayitsa jakisoni wa likodzo, ndipo singano imodzi inkayenda kuchoka pa mkono uwu kupita pa winawo. Achimwene ankakonda kuimira kumbuyo kuti aziseka olira.

Anapereka chala ngati akudinda chikalata cha munda. Mzere woyamba unabwera msanga. Wachiwiri unayamba mozimiririka, kenako unada. Kuseri kwa katani wina anatsokomola chifuwa chabodza, ndipo ndinafuna kumuponyera nsapato.

"Kawonongeka aka," anatero achimwene, koma mawu analibe mphamvu.

"Tikoka magazi tiwatumize ku tauni," anatero Afaf mofatsa. "Kachirombo kakapezeka kamoyo, mapiritsi muzitengera pompano. Anthu akuchira, a Haji."

Achimwene anakhala pansi atafinya thonje pa chala. Ndinawamvera chisoni, ngakhale anandikwiyitsa. Gaber akanatha kuseka, ine ndikanaseka, koma anagwada n'kuyamba kuwapindira mkono wa mkanjo kuti Afaf apeze mtsempha.

Achimwene anamuyang'ana.

"Mapiritsiwo amagwetsa munthu?" anafunsa chapansipansi.

"Mutu umawawa masiku oyamba okha, bambo."

Ndinadikira kuti amukalipire chifukwa chowatchula bambo Fatiha isanawerengedwe. Anangomupatsa mkono winawo.