Chithunzi cha Nkhongo

Mayi ena osoka zovala pakhonde la sitolo anayamba kuiwala nkhope ya malemu amuna awo. Zaka zitatu zokha chimwalirire! Akatsinzina ankaona chipewa ndi kolala, koma pakati pakepo panali mbuu. Zinkawawawa koopsa, ndipo kuuza ana ankachita nako manyazi. Chithunzi chokhacho chomwe chinalipo, cha pachiphaso cha kuntchito, chinachapidwa limodzi ndi malaya.

Ndiye anapita kwa wojambula zikwangwani wa kuseri kwa msika, yemwe anthu ankangomuti Bulashi, mkulu wa pakamwa posatseka, woti akajambula nkhuku anthu ankafunsa mtengo wa bakha. Anatengana ndi alamu awo, ang'ono ake a malemuwo, kuti Bulashi azionera pojambula nkhopeyo. Bulashi anajambula, mayi aja n'kupukusa mutu kuti awa ndi alamu. Anachepetsa mphuno, anakuza maso, anaika ndevu n'kuzichotsanso. Ayi ndithu, pathabwapo pankangotuluka mlendo.

Tsiku lachinayi Bulashi anatopa nazo, n'kukhala pansi. Anawauza kuti asiye za mphuno, angonena chimene amachionadi akatsinzina.

Mayi aja anayamba mozengereza. Khosi lakuda bii ndi dzuwa. Mizere iwiri yopingasa pankhongo. Khutu lakumanzere lopindika pang'ono, ndi kolala yomwe anaitembenuza okha pamakina itatha. Thukuta linkayambira pakati pa mapewa akafika pachitunda. Pajatu zaka makumi atatu bambowo ankawakweza pakaliyala ya njinga, m'mawa kupita kukhonde kuja, madzulo kubwerera.

"Nanga osanena kale bwanji, mayi?" anatero Bulashi, natembenuza thabwa lija.

Bulashi anajambula osayankhulanso mpaka dzuwa kupendeka, mwakuti wokonza nsapato woyandikana naye anabwera kudzasuzumira ngati kuli bwino. Atamaliza, pathabwa panali msana wa munthu wovala malaya oyera, wowerama pang'ono, msewu uli kutsogolo kwake. Nkhope panalibe.

Mayi aja anaimirira. Anali iwowo, iwowo ndithu, mpaka kapendekedwe ka mutu komwe ankachita akafuna kumva zimene akazi awo akunena kumbuyoko. Anatambasula dzanja. Bulashi anawachenjeza kuti penti sanaume, koma sanamumve n'komwe. Anagwira malaya aja cha m'chiuno, n'kunena chapansipansi:

"Tacheukani pang'ono, abambo."