Chipepala cha Pazenera la Bambo Bang

Mayi Pyo anali ndi maudindo awiri. Kutchalitchi ndiwo ankatsogolera mapemphero a amayi Lachitatu m'mawa, ndipo pamdadada wa nyumba zosanja pomwe ankakhala mumzinda wa Daegu anali wapampando wa gulu la amayi eninyumba. Gululo linali ndi pangano lakuti, poti mitengo ya nyumba ikugwa, wina asagulitse yake motchipa, kuopa kugwetsera anzake.

Tsiku lina anaona chipepala pazenera la Bambo Bang, amene ankagulitsira anthu nyumba. Chinkati nyumba ina ya pamdadada wawo ikugulitsidwa mwachangu, pamtengo wozizira. Analowa ndi amayi atatu n'kuwauza bambowo kuti akapanda kuchimatula, palibe wa pamdadadapo adzapondenso muofesimo. Bambo Bang anadandaula kuti wogula wapezeka kale. Mayi Pyo anati amuuze kuti mwiniwake wasintha maganizo. Sanafunse kuti nyumbayo ndi ya yani. Mumtima ankadziwa kuti akamva dzina, abwerera m'mbuyo.

Patatha masabata atatu, pamapemphero paja panaimirira Mayi Seok, amene onse ankawatchula kuti amake Do-yun. Anali mayi wofatsa wa kunsanja yachisanu ndi chinayi, woimba besi pakati pa amayi, amene ankabwera ndi mbatata zootcha nyengo yachisanu. Anafotokoza kuti sitolo ya amuna awo inatsekedwa, ngongole ya nyumba yawakanika, ndipo akapanda kugulitsa okha mwezi uno, banki itengera nyumbayo kukhoti kuti igulitsidwe pa okushoni, iwo n'kutuluka chimanjamanja. Wogula analipo, anatero, koma anathawa.

"Achemwali," anatero akuyang'ana Mayi Pyo, "tipempherereni ndinu. Mulungu amakumverani msanga inu."

Mayi Pyo anagwada. Pakamwa pawo panatuluka mawu abwino ndithu, a Mbusa wosataya nkhosa, a mbalame zosafesa koma zodya. Amayi ankavomereza ndi misozi. Koma Mayi Pyo ankangodzimva ngati munthu wobwera ndi mtulo kuguwa atasiya mbale wake ali chigonere panjira. Pa nyimbo yotsekera anangogwedeza milomo.

Atatuluka analunjika kwa Bambo Bang, nawapempha kuti chipepala chibwerere ndiponso amuimbire foni wogula uja.

"Lero mwabwera nokha? Asilikali anu aja ali kuti?" anatero bambowo osadzuka pampando. Anaimba ndithu, koma wogulayo anali atagula kale kutsidya kwa mtsinje. Chipepala chinabwerera pazenera, chinakhalapo masiku asanu ndi anayi, ndipo palibe anafunsako. Mwezi unatha, kalata yakukhoti inafika.

Mayi Pyo anakwera kunsanja yachisanu ndi chinayi atanyamula mapeyala. Anapeza Mayi Seok atakhala pansi, akukulunga mbale m'nyuzipepala. Anavula nsapato, nagwada pafupi nawo, n'kuulula zonse, osasiyako ngakhale bodza lomwe anatuma kwa wogula.

Mayi Seok sanaleke kukulunga.

"Ndinkadziwa, achemwali. Bambo Bang anandiuza tsiku lomwelo."

"Nanga munandipempheranji kuti ndipemphere?"

"Ndinkaganiza kuti mukagwada mukumbukira." Anaika mbale m'katoni. "Munakumbukira ndithu. Koma ine ndinachedwa kuimirira. Masabata atatu ndinkangochita manyazi."

Mayi Pyo anapempha kuti awakhululukire. Mayi Seok anati akhala akupempha Ambuye mtima wokhululukawo m'mawa uliwonse, koma sunabwerebe, ndipo kunama sakufuna. Anati Loweruka akusamukira kwa apongozi awo kumudzi, kuchipinda chimodzi, ndipo mbale zambirizi sakudziwa kuti akaziika pati.

Mayi Pyo anakoka mulu wa nyuzipepala, natenga mbale yoyamba. Mayi Seok sanawaletse.