Dzina Lowonjezera pa Mndandanda wa Mbewu

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo kudikira zotsatira. Ndiye kalabu yathu ya alimi a mtedza ku Mlonyeni inandisankha kuti ndizigwira laputopu. Palibe anandifunsa. Anangoti Filomena ndi wophunzira, komanso sakana.

Bungwe lina linalonjeza mbewu kwa mlimi aliyense amene dzina lake lilowe mu pulogalamu yawo pofika Loweruka. A Gerald, katswiri wawo wa ku Lilongwe, anandifotokozera pafoni kuti pulogalamuyo imakhala pa makompyuta akutali, pa intaneti, koma mayina amasungidwa kwina, ku detabesi ya kampani ina. Ntchito yanga inali kulumikiza ziwirizi: kukopera adiresi ya detabesiyo ndi pasiwedi yake, kuziika m'kabokosi, n'kudina.

Ananditumizira maadiresi awiri, ina yophunzirira, ina yeniyeni. Ankangosiyana zilembo zitatu pakati.

“Mwamvetsa, asisi?”

“Eya,” ndinatero.

Sindinamvetse. Ndinali pachulu, chifukwa kunyumba kwathu foni imathawira ku netiweki ya ku Zambia, ndipo mphepo inkadula mawu. Kufunsanso ndinachita manyazi. Ndinangoika adiresi imene inali pamwamba. Kunatuluka kachizindikiro kobiriwira, ine n'kuti zatheka.

Anthu anabwera masiku atatu. Ena anayenda maola awiri, ena anasiya kusosa m'minda. Ndinalemba alimi 164, ndipo aliyense anasainanso papepala.

Lachisanu m'mawa a Gerald anaimba. A Stelia, apampando a kalabu, anati ndikweze mawu a foni kuti nawo amve.

“Kuno sindikuona ngakhale dzina limodzi. Tandiwerengereni adiresi munaika ija.”

Ndinawerenga.

“Imeneyo ndi yophunzirira. Imadzifufuta yokha Loweruka lililonse.”

“Mwati imatani?” anafunsa a Stelia.

“Imasesa zonse, mayi.”

“Mawa lomweli? Ndiye ndikauze anthu kuti abwerenso? A Dickson aja, ndi mwendo wawo wotupa uja?”

Ine ndinkayang'ana nyerere imene inkakwera pachala changa chakuphazi.

A Gerald anati akhoza kusamutsa mayina onse tsiku lomwelo, koma panali vuto. M'detabesimo munali mayina 165, pomwe papepala panali 164. Zikapanda kugwirizana, abwana awo amabweza mndandanda wonse, poti ena amalemba alimi oti kulibe. Anafunsa ngati tikudziwa dzina lowonjezeralo.

Ndinkalidziwa. Tsiku loyamba, pofuna kuona ngati zikugwira ntchito, ndinalemba dzina longoyesera. Nditafuna kulichotsa ndinapeza kuti batani lofufutira lili ndi a Gerald okha. A Stelia ali ndi mwana wamwamuna, Enoki Soko, amene amakonza njinga pamsika. Mawu onse amene ndinalankhulapo naye chibadwire ndi akuti “tayala lakumbuyo”.

Ndikanatha kukhala chete. Zimenezo ndimazitha bwino. Koma anthu akanadzala chiyani?

“Fufutani loyambalo,” ndinatero.

“Kwezani mawu, asisi. Dzina ndani?”

“Mayi Filomena Soko.”

Tinamva akudina.

“Ndawapeza. Amuna awo ndi a Enoki. Munda maekala fifite, ana anayi, ng'ombe twente. Amenewa kulibe?”

“Kulibe.”

“Pepani. Amaoneka olimbikira.”

A Stelia sanaseke. Anatenga foni m'manja mwanga n'kuiyandikiza kukamwa, monga amachitira akamalankhula ndi anthu a kutauni.

“Fufutani, bambo. Enoki ndimamudziwa, ndinabereka ndine. Alibe maekala fifite. Pampu yomwe amapopera ija ndi ya amalume ake.”

Patapita mphindi zochepa a Gerald anati alimi 164 afika ku detabesi yeniyeni, ndipo chatsala n'chakuti ine ndisinthe adiresi m'kabokosi muja. A Stelia anandibwezera foni, n'kukankhira laputopu kwa ine.

“Ikani yolondola ulendo uno, apongozi. Mukapanda kumva mufunse.”