Liwombo la Joel ndi Amayi a pa Foni

Joel anayamba kutsegula m'mimba dzuwa litapendeka, ndipo pofika m'mawa mwake liwombo lake linali litalowa m'kati. Febe anayika chala pamalo pofewa paja, pamwamba pa mutu wa mwanayo, n'kupeza kadzenje. Mantha anamugwira.

Kwawo kwa Febe kunali ku Ntchisi. Ku Nsaru anabwera pa chitengwa, kutsatira mwamuna wake Overton, amene ankasenza mabelo a fodya mumzinda wa Lilongwe ndipo ankabwera kunyumba Loweruka lokha. Amayi ake a Febe anali kutali, apongozi ake aakazi anamwalira iye asanakwatiwe, ndipo akazi a m'mudzimo ankawaopa kuti amuseka akamafunsa zinthu zazing'ono, poti iye anafika Fomu 4. Choncho kuyambira ali woyembekezera, chilichonse ankachifunsa pa gulu lina la pa masamba a mchezo lotchedwa Amayi Tiuzane. Munali amayi zikwizikwi. Febe sankadziwa nkhope ya mmodzi yemwe, komabe ankawatchula kuti anzake.

Tsiku limenelo anachitanso chimodzimodzi. Anajambula Joel ali chigonere pamphasa, n'kulemba kuti, "Amayi anzanga, thandizeni. Mwana akutsegula m'mimba ndipo liwombo lalowa."

Mayankho anayamba kugwa ngati matalala. Wina anati amupake mankhwala achikuda pamutu. Wina anati asiye kumuyamwitsa chifukwa mkaka wawonongeka. Wina anatumiza nambala ya foni, akuti ali ndi mafuta ochokera kunja ochiritsa matenda onse a ana. Kenako mayi wina wodzitcha Queen analemba kuti, "Musavutike, limeneli ndi tsempho. Funsani bambo ake komwe amagona m'kati mwa sabata."

Febe ankadziwa zimene akuluakulu amanena, zoti bambo akayenda ndi mkazi wina mwana akadali wamng'ono, mwanayo amatsempheka n'kuyamba kufooka. Pansi pa mawu a Queen panadzaza tizithunzi toseka. Ena anawonjezera kuti amuna ogwira ntchito m'tauni ndi choncho onse. Febe anawerenga, n'kubwerezanso kuwerenga. Dzuwa linkakwera, Joel ali phee pamphasa, iye maso ali pa foni.

Mapeto ake anamuimbira Overton.

"Amake Joel, ndili pakati pa ntchito. Kwagwanji?"

"Mwana wadwala. Anthu akuti ndi tsempho."

Overton anafunsa motsitsa mawu, "Anthu ake ati?"

"A pa gulu."

"Akundidziwa anthuwo? Anandiwonapo?"

"Mukanangondiuza zoona, bambo a Joel."

"Zoona zake n'zakuti ndimagona pa katoni m'chipinda cha mnzanga Amosi, ndipo msana ukundiwawa. Mwanayo mwapita naye kuchipatala?"

Febe anavomera kuti sanapite naye. Overton anadula foni.

Nthawi yomweyo panafika a Gloria, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene amagulitsa tomato pa msika wa Nsaru. Anabwera kudzabwereka sefa. Atangosuzumira pamphasa, za sefa anaziyiwala.

"Amake Joel, mwanayu wayamwa liti?"

"M'mawa. Akuti ndisamuyamwitse."

"Akutero ndani?"

Febe anawawonetsa foni. A Gloria anayikankhira pambali osayiwerenga. "Kodi foniyi inaberekapo? Ili ndi mabere? Muyikeni kubere mwanayu, ndipo tengani nsalu tizipita. Zinazo mukandiuza panjira."

Anakwera njinga yamoto onse awiri, Joel ali pakati. Pakhonde la chipatala anakumana ndi a Mariya, alangizi a zaumoyo a m'dera lawo, omwe amayeza ana kusikelo. A Mariya anatsina khungu la pamimba pa Joel. Khungulo linachedwa kubwerera. Sanawalole kukhala pa mzere, anawalowetsa kwa dokotala nthawi yomweyo.

Joel anapatsidwa madzi a thanzi pang'onopang'ono ndi kasupuni, komanso mapiritsi a zinki oti akapitirize kunyumba. Pofika madzulo anali atayamba kuyang'anayang'ana ndi kukoka mkanda wa amayi ake. A Mariya anakhala pa benchi pafupi ndi Febe.

"Liwombo likalowa pamene mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi akutha m'thupi mwake," anatero. "Mankhwala ake ndi madzi a thanzi, bere, ndi kuthamangira kuno. Mukanachedwa mpaka mawa, bwenzi tikunena zina."

"Nanga tsempho?" anafunsa Febe, maso ali pansi.

"Za miyambo tikhoza kukambirana tsiku lina, mwanawe. Koma amene anakuuzaniyo sanamukhudze mwanayu. Sanamuwone akuyamwa, sadziwa madzi amene mumamwa, amuna anu sawadziwa. Iye analemba, n'kuseka, n'kupita kukaphika. Mwana akanatisiya, akanabwera pa maliro?"

Febe anapukusa mutu.

Ali m'njira yobwerera, mlamu wake wa ku Mpingu anamuimbira. Chithunzi cha Joel chinali chitafika kale pa magulu ena, pamodzi ndi mawu a Queen aja, ndipo anthu a kumpingo anali atayamba kufunsa ngati n'zoona kuti Overton ali ndi mkazi wina m'tauni. Febe anachotsa chithunzicho pa Amayi Tiuzane, koma komwe chinafika kale sakanatha kuchitsatira. Anatuluka m'gululo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa kuti wapita kuti, kapena ngati mwana uja anachira.

Zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Miyezi yonse ija ankawafotokozera za mseru wake, za mantha ake a tsiku lobereka, za dzino loyamba la Joel. Ankaganiza kuti ali pakati pa abale. Tsopano foni inali duu pa tebulo, ndipo nyumba inkaoneka yaikulu kuposa kale.

Loweruka Overton anafika, n'kupita molunjika kukanyamula mwana. Anamusisita pamutu nthawi yaitali asanalankhule.

"Ndakhala ndikupita kutchalitchi kuno kuyambira ndili mwana," anatero. "Mawa ndikakhala bwanji pa benchi?"

"Ndinalakwa, bambo a Joel. Ndinachita mantha, ndipo ndinalibe womufunsa."

"A Gloria ali apa, mpanda umodzi."

"Ndinkachita manyazi."

"Manyazi kwa a Gloria, koma osachita manyazi kwa dziko lonse?"

Febe anafuna kulira, koma anapezeka akuseka pang'ono, ndipo Overton nayenso anamwetulira ngakhale sanafune. Lamulungu anapita limodzi kutchalitchi, Overton atanyamula yekha mwanayo. Potuluka, Febe anauza amayi a chigwirizano pamaso pa mlamu wake kuti Joel anadwala matenda otsegula m'mimba, kuti achipatala anamuthandiza, ndipo kuti zonena za amuna ake zinachokera kwa munthu wosawadziwa n'komwe.

Patapita masiku, a Mariya anadutsa pakhomo kudzamuwona Joel. Febe anawauza kuti za magulu a pa foni wasiyana nazo mpaka kalekale.

"Foni si mdani wanu," anatero a Mariya. "Ife tili ndi kagulu kathu ka amayi a sikelo ya kuno. Timalowetsa munthu amene tikumudziwa nkhope ndi mudzi wake. Sitiyikapo zithunzi za ana odwala, sititumiza nkhani zongomva, ndipo za m'banja mwa munthu sizikambidwa. Funso la matenda ndimayankha ndine, ndipo likandikulira ndimakafunsa adokotala. Mwana akafooka sitilemba, timanyamuka."

Febe anazengereza, koma kenako anavomera kulowa m'kaguluko. Atalowa, anakhala masiku angapo akungowerenga, kudikira kuti awone amene ayambe kunyoza mnzake. Sanawone zotero. Wina anakumbutsa anzake za tsiku la katemera. Wina anafunsa kaphikidwe ka phala la nsinjiro loti mwana asalikane. Mayi wina wa ku esiteti ya fodya, mlendo ngati iye yemwe, analemba kuti akusowa wocheza naye, ndipo amayi awiri anamuyendera tsiku lomwelo. A Gloria nawonso analimo, ngakhale ankangotumiza mawu ojambula chifukwa akuti zilembo za pa foni n'zazing'ono ngati nthata.

Pa tsiku la sikelo, pansi pa mtengo wa mango, mayina a pa foni aja anasanduka nkhope. Mayi wina amene Febe anali asanalankhulanepo naye anamukodola, n'kumusunthira malo pa chitenje chake.

"Ndinu amake Joel, eti? Khalani apa. Wachira mnyamatayu?"

"Wachira," anayankha Febe. Joel atakolekedwa pa sikelo, a Mariya anawerenga n'kugwedeza mutu mokondwa. Mwanayo anali atakwera sikelo.

Amayi ndi abambo, kuchuluka kwa anthu pa gulu la pa foni sikutanthauza kuti muli ndi abale. Gulu labwino ndi la anthu odziwana, lokhala ndi malamulo, ndiponso lokhala ndi munthu wodziwa zaumoyo amene mungamupeze maso ndi maso. Musayike chithunzi cha mwana wanu kapena nkhani ya banja lanu pamaso pa anthu osawadziwa, chifukwa zikapita sizibwerera. Ndipo mwana akatsegula m'mimba, akafooka, kapena liwombo likalowa, pitirizani kumuyamwitsa, m'patseni madzi a thanzi, ndipo thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.