Pepala la Kuseri kwa Kabati

Kalipentala anaitanidwa kusukulu ya pulayimale kuti akakonze kabati ya mu ofesi, yomwe chiswe chinali chitaidya kumsana. Atazula thabwa lakumbuyo, munagwa zidutswa za choko, zitosi za makoswe ndi pepala lopindidwa panayi, lofiirira ngati tsamba louma.

"Zinyalala zimenezo, tayani," anatero ahedi, mayi wa magalasi, osadzutsa mutu.

Koma iye anali atalitambasula kale. Zinali zotsatira za mayeso omaliza pulayimale a zaka makumi anayi ndi zisanu zapitazo, zotayipidwa pa makina akale aja oboola pepala. Anayang'anitsitsa dzina loyamba pamwamba.

"Ahedi, tandiwerengereni apa. Mwina m'maso mwanga mwalowa utuchi."

Ahedi anakonza magalasi. "Masamu, 99. Sayansi, 94. Ndipo pambalipa alemba ndi inki yofiira kuti woyamba m'chigawo chonse, wasankhidwa kusekondale ya atsikana. Eee, mwana uyu anali moto! Lero ayenera kuti ndi dokotala wamkulu kwinakwake."

"Ali pakhonde kunyumba, akusoka zigamba," anatero kalipentala. "Ndi mayi anga."

Ahedi anaimirira. Anaika pepalalo mu envelopu n'kumupatsa ndi manja awiri.

Chibadwire chake, iye ankangomva mayi ake akuti, "Ine sukulu inandikana." Ana asanu anawalera ndi makina osokera, ndipo mwana akabwera ndi homuweki ankamuuza kuti akafunse anzake ophunzira.

Atafika kunyumba anawapeza akupalasa makina, mapini atatu ali pakamwa.

"Wabwera msanga bwanji? Akuthamangitsa?"

"Amayi, taonani ichi."

Anapukuta manja, nalandira. Phazi linaima pachopondera. Anachotsa mapini aja mmodzimmodzi, chala chikuyenda pa dzina lawo, kubwerera, kuyendanso. Kenako chinatsika pang'onopang'ono mpaka kumunsi kwenikweni, n'kuima pa dzina lachiwiri kuchokera pansi.

"Awa ndi malemu malume ako," anatero motsitsa mawu. "Tinali kalasi imodzi. Tsiku lotuluka zotsatira ine ndinali kuchipatala, kudwazika agogo ako, ndiye anapita okha. Atabwera anangoti, 'Chemwali, tonse tagwa.' Ine osafunsanso. Mwezi wotsatira tinasamuka."

"Ndiye anakunamizani dala?"

"Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, iwe. Mwana wamwamuna kupitiriridwa ndi kamlongo kake, akanalowa bwanji m'nyumba?" Anapukusa mutu. "N'chifukwa chaketu ankandigulira mabuku mpaka ndili ndi ana. Ine kumadabwa kuti wolephera mabuku ngachiyani."

Anayang'ananso pepala lija, mwadzidzidzi n'kuseka, misozi ili mbwe.

"Malikisi amodzi ndinatayawo ndikuwadziwa. Funso la khumi ndi chiwiri. Thanki ya malita mazana asanu ndi limodzi, mpopi wina ukuthira malita makumi awiri pa mphindi, wina ukuchotsa asanu. Idzadza nthawi yanji? Ndinapeza makumi anayi, koma ndinaiwala kulemba kuti mphindi. Ndinakumbukira ndili panja, ndikumanga nsapato."

Kalipentala anatulutsa pensulo kukhutu n'kuyamba kuwerengera pakhoma. Zinamutengera nthawi. Makumi anayi ndendende. Anakhala pansi pa simenti, nawayang'ana ngati mlendo wolemekezeka amene wakhala akugona m'nyumba mwake iye osadziwa.

"Amayi, zaka zonsezi mutu umenewu munali nawo?"

"Nanga ndikanausiya kuti?"

Loweruka anawakweza panjinga yamoto, atavala diresi lomwe anadzisokera okha, n'kupita nawo kusekondale ija, ulendo wa maola awiri. Pageti anatsika, naima nthawi yaitali akuyang'ana makalasi a njerwa, mitengo italiitali, ndi atsikana akuyanika mayunifomu pachingwe.

Mlonda anatuluka m'kanyumba kake. "Tikuthandizeni, amayi? Mwadzaona mdzukulu?"

"Ayi, bambo. Ndinasankhidwa kuno, kungoti ndachedwa pang'ono."

Mlonda anawerenga pepalalo kawiri, navula chipewa n'kutsegula geti lonse, mbali zonse ziwiri. Iwo anapempha kuti ayambire kulaibulale.