Sipika Yakumanzere

Makutu anafika pakhomo la malemu dzuwa lili pamutu, atanyamula bokosi la zipangizo za malemuwo lomwe manijala wa bandi anamutuma kukabweza. Dzina lakuti Makutulo anamupatsa ndi malemuwo, a Mawaya, amene anamuphunzitsa ntchito ya zokuzira mawu bandi ikamayenda tauni ndi tauni.

Zaka zisanu anayenda nawo kumbuyo kwa lole, atapanikizika pakati pa masipika. Ndiwo anamuphunzitsa kukulunga waya, kamodzi chakumwamba kamodzi chakunsi, kuti mawa usakapotane. Akalakwitsa ankati, "Chemwali, chingwe choyanikira matewera ndiye mukakulunge choncho kwanu."

Chaka chatha Makutu anaona chachilendo. Poyesa mawu, a Mawaya anasiya kupendeketsa mutu kumvetsera. Ankapita kukasanjika dzanja pa sipika kuti amve kunjenjemera kwake. Maikolofoni ikalira tswii, aliyense n'kugwira m'makutu, iwo ankacheuka mochedwa. Makutu anapita kwa manijala n'kunena mawu ochepa: akulu aja sakumvanso. Sabata isanathe, mpando wa pamakina unali wake. Chichokereni a Mawaya, iye sanapondeko kwawo, ngakhale atamva kuti agonekedwa. Kumaliro anakhala kumbuyo kwenikweni.

Mkazi wa malemu anali pakhonde akusoka batani. Anayang'ana waya womwe unali pamwamba pa bokosi.

"Ndinu Makutu, eti? Ndakudziwirani kakulungidwe ako. Khalani pansi, mwanangu, mwaima ngati odzadula magetsi."

Anakhala. M'basi anali atakonza kuti angopepesa maliro n'kumapita, koma pakamwa panamulaka.

"Amayi, ndine ndinakanena kwa manijala. Ndine ndinawachotsetsa ntchito."

"Ndikudziwa," mayiwo anatero, akudula ulusi ndi mano. "Anandiuza tsiku lomwelo, akuseka. Amvekere, mwana uja wandigwira, ndinamuphunzitsa bwino. Zimenezo sanakwiye nazo."

Makutu anapumira m'mwamba. Mapewa anayamba kumasuka.

"Koma Lachiwiri lililonse, tsiku lomwe lole imabwera kuulendo, ankatulutsa mpando mwakhalirawo. Amati mubwera kudzafunsa za sipika yakumanzere, ija imakhosomola kunja kukachita chinyezi. Amati kakonzedwe kake sanauzepo munthu, akusungira inu. Ine ndimvekere, bambo, lowani, kwazizira. Iwo ayi, mwina basi yachedwa. Miyezi isanu ndi itatu, mwanangu."

Sipikayo inkamuvutadi. Anali atasintha mawaya kawiri, ataitsegula katatu, oimba akumunena kuti ali ndi manja olemera. Nthawi zonse ankadziwa wokamufunsa. Kwawoko n'kokwera basi imodzi basi.

"Nanga... anakuuzaniko kakonzedweko?"

"Ine? Ndidziwa chiyani za masipika? Ankadikira inu."

Makutu anayang'ana pansi. Miyendo ya mpando inali itakumba timaenje tinayi pasimenti yofumbutuka.

Mayiwo anakankha bokosi lija ndi phazi. "Tengani. Muno mulibe wozigwira. Mwana ali bwanji? Amati anabadwa muli paulendo, iwo n'kuthamanga kukafuna galimoto."

"Ali bwino, amayi. Wayamba sukulu."

"Ankamufunsa."

Loweruka masana, akuyesa mawu muholo ina, kunja kunayamba kuwaza. Sipika yakumanzere inakhosomola. Makutu anachoka pamakina, anzake akumuyang'ana, n'kukasanjika dzanja pomwe a Mawaya ankasanjika lawo. Anaima choncho nthawi yaitali. Inkangonjenjemera, ndipo iye sanadziwe chomwe kunjenjemerako kunkanena.