Uvuni Unasamuka Pamutu

A Elifasi, mkulu wa mpingo wathunthu kufupi ndi Kabudula, analanda uvuni wa ana amasiye dzuwa likuswa mtengo, opanda ndi manyazi omwe.

Uvuniwo anamanga ndi amayi a m'mudzimo. Ankaphika masikono n'kukagulitsa ku Nsaru tsiku la msika, phindu lake n'kugula soya ndi shuga wa phala la anawo. Kwa a Elifasi anangobwerekako malo basi, kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndiye bambowa ataona kuti masikono akuyenda malonda, anati chilichonse chokhala panthaka yawo n'chawo, aziphikamo ndi akazi awo.

Mayi Hana, otsogolera gululo, mtima unawira. Anaganiza za ana aja atandanda ndi makapu m'manja, phala kulibe. Kenaka anakumbukira chinthu, mpaka anaseka okha panjira: njerwa za uvuniwo anaumba okha amayi, dothi lake la pachulu cha m'munda wa malemu amuna awo.

M'mawa mwake anayenda khomo ndi khomo, kuuza mayi aliyense kuti apote nkhata.

Abale, kunali gule! Mayi Hana anakwera pauvuni chitenje chili m'chiuno, n'kuyamba kugumula ndi khasu mosamala, njerwa imodziimodzi. Amayi akusenza, mzere mpaka kuchitsime, nyimbo ili pakamwa, nthungululu kuti lililili. Ngakhale agogo a Veronica, aja amadandaula msana chaka chonse, anasenza chitseko cha uvuni akudikula.

A Elifasi anatulukira akuthamanga, jekete lili kumodzi, akukalipa kuti aleke msanga.

"Nthaka n'njanu, eti abambo?" anatero mayi Hana ali pamwamba pomwepo. "Nayotu, sitikutengako ngakhale yodzaza chikhatho. Phulusanso takusiyirani, mukathire m'dimba."

Amayi anagwa nacho chiseko mpaka njerwa zina kuphonyoka.

Dzuwa lisanapendeke amayiwo anali ataponda kale matope omangiranso uvuniwo pabwalo pa agogo a Veronica. Sabata isanathe utsi unafuka, fungo la masikono n'kufika mpaka kuchigafa kuja. Ana anamwa phala, la shuga.

Pano a Elifasi akasuma kwa akulu anzawo kumpingo, ati mayi Hana ndi wakuba, aimitsidwe Mgonero. Mayi Hana ati apita, ndipo anyamula masikono otentha kuti oweruzawo alaweko.

Ndiye inu mukuwerenganu, musangoti duu ngati simunamve. Wakuba ndani apa, wosenza njerwa zake kapena wolanda phala pakamwa pa mwana wamasiye? Ndiyankheni.